Lactoferrin ndi Chitetezo cha M'thupi: Zimene Kafukufuku Wapeza ndi Zimene Akatswiri Akutsutsanabe

Funso limene likufunika yankho

Lactoferrin ndi puloteni imene thupi la munthu limapanga lokha, ndipo imapezeka mu mkaka wa m'mawere, m'misozi, m'malovu, m'mamina komanso m'kati mwa gulu lina la asilikali a m'magazi lotchedwa neutrophil. Ntchito yake yodziwika kwambiri ndi kugwira mchere wa ayironi, womwe uja amayi oyembekezera amalandira ku sikelo m'mapiritsi owonjezera magazi, n'kuusunga mwamphamvu moti tizilombo tambiri toyambitsa matenda timalephera kuupeza. Masiku ano puloteni yomweyi imachotsedwanso mu mkaka wa ng'ombe n'kuumitsidwa kukhala ufa, ndipo ufawo umaikidwa m'makapisozi kapena kuthiridwa mu mkaka wina wa ana wa m'zitini, limodzi ndi lonjezo lakuti umakweza chitetezo cha m'thupi.

Pankhaniyi pali mafunso awiri amene otsatsa malonda amakonda kuwaphatikiza, koma ayenera kulekanitsidwa. Loyamba ndi lakuti kodi lactoferrin ya mu mkaka wa mayi imateteza mwana woyamwa, ndipo lachiwiri ndi lakuti kodi lactoferrin ya ng'ombe, yochita kugula, imathandiza chimodzimodzi khanda, mwana wosiya kuyamwa kapena munthu wamkulu. Umboni woti mkaka wa mayi umateteza ndi wamphamvu, ngakhale kuti n'kovuta kusiyanitsa gawo la lactoferrin ndi la zoteteza zina zimene zili mu mkakawo, pamene umboni wa funso lachiwiri ndi wosakanikirana ndipo pena ndi wogwetsa ulesi. Kusiyana kumeneku n'kofunika kwa banja la ku Kawale, ku Chinsapo kapena ku Mgona mu Lilongwe, chifukwa ndalama imene ingapite ku botolo la makapisozi ochokera kunja ndi yomweyo imene ikanagula ufa, usipa, sopo ndi madzi a pa kiyosiki.

Chitetezo cha m'thupi nachonso si chinthu chimodzi choti munthu angachiyeze n'kuchipatsa nambala. Ambiri m'dziko muno anazolowera kumva kuti chitetezo chatsika kapena chakwera potengera chiwerengero cha CD4 mwa anthu amene ali ndi HIV, koma maselo a CD4 ndi gawo limodzi chabe la chitetezocho, chimene chimaphatikizapo khungu, khoma la matumbo, mabakiteriya abwino okhala m'mimba ndi magulu angapo a asilikali a m'magazi. N'chifukwa chake ofufuza odalirika safunsa ngati chitetezo chakwera, koma amawerenga ngati odwala achepa, ngati ogonekedwa m'chipatala achepa, ndiponso ngati imfa zachepa.

Mbiri yake

Puloteniyi inatchulidwa koyamba mu 1939, pamene akatswiri awiri a ku Denmark a dzina la Sørensen anapeza puloteni yofiirira mu mkaka wa ng'ombe, ndipo kufiirako kunali kuchokera ku ayironi amene inagwira. Mu 1960 ofufuza a ku Sweden, ku France ndi ku America, aliyense payekha, anakwanitsa kuipatula bwinobwino mu mkaka wa munthu ndi wa ng'ombe. Zoti ili ndi gawo pa chitetezo zinaonekera poyera mu 1972, pamene Bullen ndi anzake ku England anaonetsa kuti mkaka wa mayi umalepheretsa bakiteriya wa E. coli kuswana, koma mphamvuyo imatha munthu akathiramo ayironi wochuluka mpaka puloteniyo kukhuta. Mu 1992 ofufuza a ku Japan anapezanso kuti lactoferrin ikagayidwa m'chifu imatulutsa kachidutswa kotchedwa lactoferricin, kamene kamapha mabakiteriya mwamphamvu kuposa puloteni yathunthu.

Kuchuluka kwake kumasiyana kwambiri. Mkaka woyamba wachikasu, umene umatuluka m'masiku oyamba mayi akangobereka, umakhala ndi magalamu 5 mpaka 7 pa lita imodzi, ndipo mkaka wa miyezi yotsatira umakhala ndi galamu 1 mpaka 2. Mkaka wa ng'ombe uli ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a zimenezi kapena kucheperapo, kotero kuti pamafunika malita masauzande angapo kuti papezeke kilogalamu imodzi ya ufa wake, ndipo apa m'pamene pagona kukwera mtengo kwake.

Mmene imagwirira ntchito

Pafupifupi mabakiteriya onse amafuna ayironi kuti aswane, ndipo njira imodzi imene thupi limadzitetezera ndi kuwamana chakudya chimenechi, monga mmene mlimi amamatira nkhokwe kuti makoswe asapeze polowera. Lactoferrin iliyonse imagwira tizigawo tiwiri ta ayironi, ndipo imatigwirabe ngakhale pamalo pamene pali asidi, monga pachotupa kapena pabala, pamene mapuloteni ena a mtundu wake amatitaya. Popeza lactoferrin ya mu mkaka wa mayi imabwera ili pafupifupi yopanda ayironi, imakhala ndi malo okwanira otolera ayironi amene yamupeza m'matumbo a mwana.

Njira yachiwiri siidalira ayironi. Puloteniyi imamatirira ku khoma lakunja la mabakiteriya ena n'kulifooketsa, zimene zimapereka mpata kwa lysozyme, puloteni inanso ya mu mkaka ndi m'misozi, kuti imalize kuphwanya bakiteriyayo. Imagwiranso poizoni wa pa khoma la mabakiteriya amene amayambitsa kutentha thupi ndi kutupa kopitirira muyezo, imatseka malo ena amene mavairasi amagwira pofuna kulowa m'maselo, ndipo imathandiza maselo a khoma la matumbo kukula limodzi ndi mabakiteriya abwino otchedwa bifidobacteria.

Zambiri mwa izi zinaoneka m'labotale kapena pa nyama, ndipo zochitika m'kambale ka galasi sizichitika chimodzimodzi m'thupi la munthu. Mabakiteriya ena ali ndi njira zozembera, chifukwa E. coli amatulutsa tinthu tolanda ayironi, pamene gulu la Neisseria, limene limayambitsa chinzonono ndi matenda oumitsa khosi, limatha kuyamwa ayironi kuchokera ku lactoferrin yeniyeniyo. Komanso m'chifu cha munthu wamkulu muli asidi wambiri amene amagaya gawo lina la puloteniyi isanafike m'matumbo, pamene m'chifu cha khanda asidi ndi wochepa, moti ina imadutsa yathunthu mpaka kupezeka m'chimbudzi cha mwana woyamwa. Ichi n'chifukwa chimodzi chimene zopezeka pa makanda siziyenera kutengedwa ngati umboni wa akuluakulu.

Ana obadwa masiku asanakwane

Pa kafukufuku yense wa lactoferrin, wozama kwambiri wachitika pa makanda obadwa masiku asanakwane, ndipo nkhaniyi imakhudza Malawi mwachindunji. Lipoti la Born Too Soon la 2012 linaika dziko lino patsogolo pa mayiko onse, ndi ana 18 pa 100 alionse obadwa nthawi isanakwane. Makanda oterewa, amene amasamalidwa m'zipinda za ana a khanda ku zipatala za Bwaila ndi Kamuzu Central, ali ndi khungu lopyapyala ndi matumbo osakhwima, choncho mabakiteriya amalowa mosavuta m'magazi mwawo n'kuyambitsa matenda otchedwa sepsis, amene amapha m'maola kapena m'masiku ochepa.

Chiyembekezo chachikulu chinabwera mu 2009 kuchokera ku Italy, kumene Paolo Manzoni ndi anzake anatenga makanda 472 osakwana magalamu 1,500 m'zipatala 11 n'kuwagawa mwamaere, ena kulandira lactoferrin ya ng'ombe mamiligalamu 100 patsiku, ena kulandira chinthu chongofanana nayo koma chopanda mphamvu iliyonse. Kugawa mwamaere kotere n'kumene kumatsimikiza kuti kusiyana kwa magulu kwabwera ndi mankhwalawo osati ndi zina. Sepsis inagwira makanda pafupifupi 6 pa 100 mwa olandira lactoferrin, poyerekeza ndi 17 pa 100 mwa enawo. Kafukufuku wocheperako ku Turkey ndi ku India anaonetsa zolowera komweko, ndipo madokotala ambiri anayamba kukhulupirira kuti apeza chida chosavuta chopulumutsira makanda.

Kafukufuku wamkulu atachitika, chiyembekezocho chinazilala. Wotchedwa ELFIN, wa m'zipatala 37 za ku United Kingdom, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2019, anatenga makanda 2,203 ndipo anapeza matenda mwa 29 pa 100 a olandira lactoferrin ndi 31 pa 100 a osalandira, kusiyana kochepa moti kungangochitika mwangozi. Wotchedwa LIFT, wa ku Australia ndi New Zealand, anatenga makanda 1,542 ndipo mu 2020 analengeza kuti imfa ndi matenda aakulu sizinachepe. Ku Peru, Theresa Ochoa ndi anzake anayesa pa makanda 414 ndipo nawonso sanapeze kuchepa kotsimikizika kwa sepsis. Bungwe la Cochrane, limene limasonkhanitsa kafukufuku wa nkhani imodzi n'kuunika kudalirika kwake, linanena mu 2020 kuti zotsatira zonse zikaphatikizidwa sepsis imaoneka yochepako, koma umboniwo ndi wofooka, ndipo palibe chosonyeza kuti imfa zimachepa.

Akatswiri agawanika pomasulira zimenezi. Ena akuti nkhani yatha, popeza si zachilendo kuti kafukufuku waung'ono aonetse phindu lalikulu limene limazimiririka anthu oyesedwa akachuluka. Ena akuti funso silinayankhidwe mokwanira, ndipo zifukwa zawo n'zoyenera kuzimva. Ufa wa lactoferrin umasiyana malinga ndi mmene unatenthedwera ndi kuumitsidwa ku fakitale. Makanda ambiri a ku United Kingdom ankalandira kale mkaka wa amayi awo, choncho kuwonjezera lactoferrin kunali kuwapatsa chinthu chimene anali nacho kale. Mabakiteriya nawonso amasiyana, chifukwa m'zipatala za mayiko olemera ofala ndi a pakhungu olowera m'machubu, pamene m'zipinda za makanda za kuno Klebsiella ndi anzake a m'matumbo, amene ambiri sakumvanso mankhwala ozolowereka, ndi amene amavuta kwambiri, monga waonetsera kafukufuku wa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Mfundo zimenezi n'zomveka, komabe ndi zifukwa zochitira kafukufuku wina, osati umboni woti phindu lilipo.

Matumbo a mwana ndi kafukufuku wa ku Malawi

Gawo limene lili pafupi kwambiri ndi moyo wa m'makwalala a Lilongwe ndi la matumbo a ana osiya kapena otsala pang'ono kusiya kuyamwa. M'madera monga Mgona ndi Chinsapo nyumba n'zothithikana, zimbudzi zokumba zimayandikana ndi zitsime, ndipo nthawi ya dzinja madzi oyenda amasefukira m'mabwalo momwe ana amakwawa n'kumaika zala m'kamwa. Mwana wotere amameza tizilombo tochokera m'chimbudzi tsiku ndi tsiku, ndipo ngakhale asatsegule m'mimba, khoma la matumbo ake limakhala lotupa nthawi zonse, limalephera kuyamwa bwino chakudya ndipo limayamba kudutsitsa zinthu zosayenera kulowa m'magazi. Vutoli akatswiri amalitcha environmental enteric dysfunction, kutanthauza kuwonongeka kwa matumbo kobwera ndi uve wa pamalo, ndipo amaliganizira kuti ndi chimodzi mwa zimene zimachititsa kupinimbira, kumene kafukufuku wa boma wa za umoyo wa 2015–16 anakupeza mwa ana 37 pa 100 osakwana zaka zisanu.

Ku Lima m'dziko la Peru, kafukufuku wa 2013 pa ana 555 anapeza kuti lactoferrin sinachepetse kuchuluka kwa maulendo amene ana anatsegula m'mimba, koma inachepetsako masiku odwala ndi kukula kwa matendawo. Kuno ku Malawi, ofufuza a Washington University ya ku St. Louis ndi a College of Medicine, imene tsopano ili m'gulu la Kamuzu University of Health Sciences, kuphatikizapo Mark Manary, Indi Trehan, Kenneth Maleta ndi Chrissie Thakwalakwa, anayesa lactoferrin pamodzi ndi lysozyme pa ana opitirira 200 a m'midzi, a miyezi 12 mpaka 23, kwa masabata 16, ndipo zotsatira zinasindikizidwa mu 2019. Njira yoyezera matumbo inali yotere: mwana amamwetsedwa madzi a shuga wotchedwa lactulose, amene matumbo abwino samulola kulowa m'magazi, kenaka amamumata kathumba kotolera mkodzo ndipo mayi amakhala naye pomwepo kwa maola angapo, ndiye shugayo akapezeka wambiri mu mkodzo zimasonyeza kuti khoma la matumbo likudontha.

Patatha masabata 8, kudontha kwa matumbo kunali kutawonjezeka mocheperapo mwa ana olandira mapuloteniwa kusiyana ndi mmene kunawonjezekera mwa anzawo, ngakhale kuti pofika masabata 16 kusiyanako sikunalinso kotsimikizika. Msinkhu wa ana sunasiyane. Chimene chinakopa chidwi n'chakuti ana ogonekedwa m'chipatala kapena ogwidwa ndi kunyentchera anali pafupifupi 3 pa 100 mwa olandira, poyerekeza ndi 10 pa 100 mwa osalandira. Zotsatirazi siziyenera kunyozedwa, chifukwa zinapezeka pa ana a kuno ndipo zikukhudza zinthu zimene kholo lililonse limaziopa. Komabe anawo anali ochepa, mapuloteni anali awiri moti sizidziwika kuti wagwira ntchito ndi uti, ndipo kugonekedwa m'chipatala sikunali funso lalikulu limene kafukufukuyo anakonzedwera kuyankha. Pa kutsegula m'mimba kwenikweni, ngakhalenso pa kolera amene mu 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, zida zotsimikizika zikadali madzi otetezedwa, kusamba m'manja ndi sopo, Thanzi, zinki ndi katemera, monga wa rota amene anayamba kuperekedwa mu 2012.

Akuluakulu

Kwa munthu wamkulu umboni ndi wochepa kwambiri. Lactoferrin yopangidwa ku fakitale motengera ya munthu, yotchedwa talactoferrin, inaoneka yothandiza pa kafukufuku woyamba wa odwala sepsis, koma kafukufuku wamkulu wotsatira anaimitsidwa mu 2012 zitaoneka kuti phindu palibe ndipo imfa zinali zochulukirapo mwa olandira. Nthawi ya COVID-19 puloteniyi inatchuka chifukwa inalepheretsa kachilomboko m'labotale, koma itayesedwa pa odwala ogonekedwa ku Italy ndi pa ogwira ntchito zachipatala ku Peru sinasinthe kanthu kooneka. Pa chimfine ndi chifuwa, phindu laling'ono limene lapezeka laoneka makamaka mwa makanda omwa mkaka wa m'zitini, ndipo tanthauzo lake n'lakuti mkaka wa m'chitini wothira lactoferrin ungapose mkaka wa m'chitini wopanda, osati kuti ungafanane ndi bere. Mabungwe oona za zakudya ku America ndi ku Ulaya anavomereza lactoferrin ya ng'ombe kuti ndi yosavulaza, kupatula kwa amene thupi lawo limadana ndi mkaka wa ng'ombe, koma kusavulaza sikutanthauza kuchiza.

Kuchepa kwa magazi m'dziko la malungo

Pali funso lina limene akatswiri akutsutsanabe, lokhudza kuchepa kwa magazi, vuto limene mu 2015–16 linapezeka mwa ana 63 pa 100 a miyezi 6 mpaka 59 m'Malawi. Ayironi ndi wofunika popanga magazi, koma amadyetsanso tizilombo. Pa chilumba cha Pemba ku Zanzibar, kafukufuku wa ana oposa 24,000 amene anasindikizidwa mu 2006 anasiya kupereka ayironi nthawi isanakwane, ataona kuti ana olandira ankagonekedwa m'chipatala kapena kumwalira mochulukirapo m'dera la malungo ambiri, ndipo n'chifukwa chake bungwe la WHO limalangiza kuti ayironi aziperekedwa limodzi ndi njira zopewera ndi kuchiza malungo.

Olimbikitsa lactoferrin amati ingathandize pamenepa chifukwa imachepetsa kutupa m'thupi. Thupi likatupa, chiwindi chimatulutsa hepcidin, amene amatseka njira imene ayironi amalowera m'magazi kuchokera m'matumbo, choncho kutupa kukachepa njirayo imatseguka. Kafukufuku wa amayi oyembekezera, makamaka ku Italy ndi ku Egypt, waonetsa kuti magazi amakwera mofanana ndi a omwa mapiritsi a ayironi, koma ndi mseru ndi kudzimbidwa kochepa. Ambiri mwa kafukufukuyu ndi aang'ono, ena sanakonzedwe mosamala, ndipo anachitika m'madera opanda malungo, choncho mayi woyembekezera wa ku Biwi kapena ku Area 23 alibe chifukwa chosiyira mapiritsi a ku sikelo, fansida ndi neti n'kudalira makapisozi ogula.

Tanthauzo lake m'makomo ndi m'zipatala za Lilongwe

Gwero lalikulu la lactoferrin limene lilipo kale mu mzinda uno ndi bere la mayi, ndipo ndi gwero limeneli limene lakhala likufooka. Ana osakwana miyezi 6 oyamwa mwakathithi, kutanthauza bere lokha popanda madzi kapena phala, anatsika kuchoka pa 71 pa 100 mu 2010 kufika pa 61 pa 100 mu 2015–16. Zifukwa zake m'tauni n'zodziwika: lamulo la za ntchito limapatsa mayi tchuthi cha masabata 8 okha, ndipo wogulitsa tomato pamsika, wogwira ntchito m'nyumba za anthu kapena wa maganyu ku Kanengo nthawi zambiri alibe tchuthi n'komwe, moti khanda limatsala ndi agogo kapena mkulu wake amene amalipatsa phala lamadzimadzi likalira. M'mabanja ena mkaka woyamba wachikasu umafinyidwa n'kutayidwa poganiza kuti ndi woipa, chonsecho ndi umene uli ndi lactoferrin yochuluka kuposa mkaka wina uliwonse umene mwanayo adzayamwe.

Amayi amene ali ndi HIV nawonso akukhudzidwa. Kafukufuku wa BAN, amene UNC Project inachita mu Lilongwe pa amayi ndi ana 2,369 ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2010, anaonetsa kuti ma ARV kwa mayi kapena nevirapine kwa mwana amachepetsa kwambiri kupatsirana kachilombo poyamwitsa, ndipo potsatira anawo anapeza kuti matenda, kuphatikizapo kutsegula m'mimba, anachuluka atawaletsa kuyamwa pa miyezi 6. Kuyambira mu 2011, pamene dziko lino linayamba kupereka ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi kachilomboka, uphungu wakhala wakuti mayi amwe mankhwala mokhulupirika ndipo apitirize kuyamwitsa.

Mayi wochoka pakhomo angathe kufinyira mkaka m'kapu yotsukidwa bwino n'kuivundikira, ndipo mkakawo umakhala bwino kwa maola pafupifupi anayi pamalo ozizira a m'nyumba, ngakhale kuti m'kutentha kwa Okutobala nthawiyo iyenera kufupikitsidwa. Suyenera kuwiritsidwa, popeza kutentha kumawononga lactoferrin, ndipo ngakhale kutenthetsa kwa madigiri 62.5 kwa mphindi 30, kumene nkhokwe za mkaka wa amayi m'mayiko ena zimagwiritsa ntchito, kumapha gawo lalikulu la puloteniyi. Kuimika kapuyo m'mbale ya madzi ofunda n'kokwanira.

M'chipinda cha kangaroo, momwe mayi amamangirira khanda pachifuwa khungu kwa khungu, njira imene inayamba ku chipatala cha Zomba mu 1999 isanafalikire m'dziko lonse, masamu ake ndi osavuta. Khanda la makilogalamu 1.5 likafika pomwa mokwanira limalandira pafupifupi mamililita 225 a mkaka patsiku, ndipo ngati mkakawo uli ndi magalamu 2 pa lita, khandalo likulandira mamiligalamu 450 a lactoferrin ya munthu, kuwirikiza kawiri zimene ELFIN inkapereka kwa khanda la sikelo yomweyo ndiponso kuposa kanayi mlingo wa ku Italy. Kuti mlingo umenewu ukwane, mayi ayenera kufinya mkaka maola awiri kapena atatu alionse, usana ndi usiku, ndipo zimenezi zimatheka pokhapokha ngati ali ndi pogona pafupi ndi khanda lake, chakudya chokwanira, madzi ndi sopo wosambira m'manja, komanso namwino wokhala ndi nthawi yomuonetsa kafinyidwe ndi kamwetsedwe ka m'kapu. Kafukufuku aliyense amene angadzayese lactoferrin ya ng'ombe ku Bwaila kapena ku Kamuzu Central ayenera kuyamba wayeza kuchuluka kwa mkaka wa mayi umene khanda lililonse likulandira, chifukwa ngati phindu lilipo, likuyembekezeka kuoneka mwa makanda amene amayi awo amwalira, akudwala kwambiri kapena mkaka wawo ukuchedwa kutuluka.